Fizi yapadera ya labotale kwa ophunzira uinjiniya: lipoti la momwe inayendera pa koleji ina

Nkhani yake

Lipotili likufotokoza momwe koleji ina ya m'Malawi muno inayambitsira fizi yapadera ya labotale kwa ophunzira uinjiniya, pamwamba pa fizi imene wophunzira aliyense amalipira. Ine ndimayang'anira malabotale ndi mawekishopu a pakolejipo, ndipo ndinali m'komiti yomwe inapatsidwa ntchito younika ganizoli. Dzina la koleji ndalisiya dala. Si sukulu yaikulu ngati MUBAS ku Chichiri kapena MUST ku Ndata. Ndi koleji yocheperapo, yokhala ndi nthambi za zomangamanga, zamagetsi ndi zamakina, ndipo pafupifupi chilichonse chimene imachita chimadalira fizi.

Ganizoli linachokera kwa akuluakulu a maphunziro kumayambiriro kwa chaka cha 2023, ndipo linali lalifupi. Wophunzira uinjiniya aliyense aziwonjezerapo kangachepe semesita iliyonse, ndalamazo zizisungidwa, zikakwana tigule makina akuluakulu amene tilibe. Pamwamba pa mndandanda panali UTM, makina okoka chitsulo mpaka chiduke kuti tidziwe mphamvu zake. Ophunzira zamalonda ndi zowerengera ndalama, omwe amaphunzira pamalo omwewo, sanali m'gulu la olipira.

Fiziyo inayambadi, koma osati monga anaiganizira eni ake. Lero ndalama zake sizigula makina akuluakulu ngakhale amodzi. Zimagula zinthu zimene zimatha pophunzira, zimakonzetsa makina amene tili nawo kale, ndi kulipira calibration, komwe ndi kuyesetsa makina kuti tidziwe ngati akunena zoona. Ndalemba lipotili kaamba ka anzanga a m'makoleji ena amene akhala akundifunsa kuti tinafika bwanji pamenepo.

Chimene chimadyera ndalama mu uinjiniya

Anthu ambiri a mu ofesi amaganiza kuti labotale ndi chinthu chimene umagula kamodzi, n'kuyika chikwangwani pakhomo, basi. Choncho ntchito yoyamba ya komiti inali kuwaonetsa chimene pulakitiko imodzi imadya.

Titenge konkire. Wophunzira zomangamanga ayenera kusakaniza yekha simenti, mchenga, miyala ndi madzi, kuona kufewa kwake, kuthira m'zikombole za mamilimita 150 mbali zonse, kusunga tizidutswato m'madzi, kenako kutiphwanya pa makina pakatha masiku 7 ndiponso masiku 28. Kachidutswa ka konkire ya giredi 25 sikaphwanyika mpaka makina atakapanikiza ndi mphamvu yoposa 560 kN, komwe kuli ngati kukasenzetsa matani 57. Kakaphwanyika, kapita. Kalasi yotsatira ifuna simenti ina, ndipo simenti sungaigule yochuluka n'kuisunga chaka chonse, pakuti ikakhalitsa miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, imayamba kuundana ndipo zotsatira zake zimanama. Chitsulo cha Y12 chimene timaika m'mizati ndi m'mabimu chikakokedwa pa UTM chimayamba kutamuka pa mphamvu yopitirira pang'ono 50 kN, kenako n'kuduka. Nachonso sichibwerera.

Kumagetsi nkhani ndi yomweyo, kungoti zinthu zake ndi zing'onozing'ono. Mafyuzi, maresistor, mawaya, solda, mabatire a multimeter. Wophunzira wa chaka choyamba akapanda kuwotcha kanthu ndiye kuti sanakhudze kanthu, ndipo ine sindidandaula akawotcha, bola pakhale china chosinthira. Kuwekishopu ndi ndodo zowotcherera, gasi, mafuta a makina, misomali yobowolera zitsulo, malamba, magolovesi ndi magalasi oteteza maso.

Pamwamba pa izi pali calibration, kumene ndi kuyerekeza makina athu ndi muyeso wodalirika kuti tidziwe ngati akunena zoona. Makina ophwanya konkire amayenera kuyesedwa motero kamodzi pachaka. Masikelo ndi zoyezera kutentha timatha kupita nazo ku Malawi Bureau of Standards, koma kwa makina ena pamafunika katswiri wochokera kunja, ndipo iyeyu salipidwa ndi kwacha. Makina osayesedwa amaonetsabe manambala, ndipo wophunzira amalemba manambalawo mu lipoti lake n'kukhoza. Vuto limadzaoneka akapita kuntchito, pamene nambala yonama ikhoza kugwetsa silabu. Bungwe la NCHE, lomwe limavomereza mapulogalamu a maphunziro apamwamba, limayenderanso malabotale, ndipo omaliza maphunziro athu amakalembetsa ku Malawi Engineering Institution kuti agwire ntchito ngati mainjiniya. Palibe mwa awiriwa amene angakhutire ndi wophunzira amene anangoonera pulakitiko pa YouTube.

Kalembera wa zida

Tisanakambe za ndalama, ndinapempha kuti tiyambe tawerenga zimene tili nazo. Akuluakulu ena anaona ngati ndikuchedwetsa zinthu, chifukwa buku la katundu wa koleji linalipo kale. Koma bukulo limangonena kuti chinthu chilipo ndi mtengo umene chinagulidwira. Silinena ngati chikugwira ntchito. Tinalowa chipinda ndi chipinda ndi matekinishani, chida chilichonse n'kuchiyatsa, n'kulemba chimene chikuchilepheretsa ngati sichikuyenda.

Zimene tinapeza ndi zimene zinatembenuza nkhani yonse. Makina enieni akufa, osatheka kuwadzutsa, anali ochepa. Ochuluka anali amoyo, koma ataimikidwa ndi tinthu tating'ono.

Makina ophwanya konkire ankadontha mafuta chifukwa mphira yotsekera inatha, ndipo chikalata chawo cha calibration chinali chitatha kalekale. Uvuni woumitsira dothi, womwe umayenera kukhala pa madigiri 105 mpaka 110, unali ndi thermostat (kachida kosunga mlingo wa kutentha) yakufa, moti zoyeza zonse za chinyezi cha dothi zinaima, ndipo pamodzi nazo panaimanso Proctor ndi CBR, zoyeza kutsendereka ndi kulimba kwa dothi, zomwe munthu wa misewu sangachite popanda. Masefa a miyala ena anali obooka. Ma oscilloscope ambiri, zida zoonetsa kayendedwe ka magetsi pa sikirini, anali abwinobwino koma opanda maprobe, timawaya togunditsa pamalo oyezedwa, pakuti maprobe ndiwo amayamba kuthyoka ndi kusowa. Dumpy level, chida choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo, inali yabwino, miyendo yake ndiyo inathyoka. Lathe imodzi, makina osemera zitsulo, inkasowa lamba ndi timipeni todulira. Ma power supply angapo, zida zopereka magetsi pa benchi, anapsa mkati, ndipo matekinishani anakumbukira kuti ambiri anafa m'chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumathima maola ambiri patsiku. Chimene chimapha zida zotere si kuthima kokha ayi, koma kubwera kwa magetsi mwadzidzidzi zida zili zolumikiza, ndiponso kusinthasintha pakati pa magetsi ndi jenereta. M'chipinda monsemo munalibe stabiliser, chida choletsa mphamvu ya magetsi kukwera ndi kutsika, ngakhale imodzi.

Ndiye panali makina ena a mphatso. Awa ndimawatchula mosamala, chifukwa amene anapereka anachita ndi mtima wabwino. Koma ena anafika opanda buku la malangizo m'chiyankhulo chimene tingawerenge, ena amafuna pulogalamu ya kompyuta yomwe imayenda pa Windows yakale yokha, ndipo amodzi anali akadali m'bokosi lake chifukwa chipinda chimene anawakonzera chilibe magetsi a three-phase, aja oyendetsera makina akuluakulu. M'buku la katundu onsewa anali olembedwa ngati chuma cha koleji, ndipo alendo akabwera ankaonetsedwa.

Funso linali lakuti: tinthu totchipa chonchi tinalephereka bwanji kugulidwa? Yankho lili m'njira imene ndalama zimayendera. Tekinishani akafuna mphira ya makina amalemba fomu, fomu ipite kwa mkulu wa nthambi, kwa wogula katundu, pafunike makotesheni atatu, kenako ifike kwa msungichuma. Kumeneko imakumana ndi malipiro a antchito, bilu ya madzi, bilu ya magetsi, misonkho. Palibe msungichuma wanzeru amene angasiye malipiro kuti agule mphira. Fomu imadikira mwezi wamawa, mwezi wamawa nkhani ndi yomweyo, ndipo semesita ikatha mphunzitsi amakhala atazolowera kuphunzitsa mutuwo pa bolodi. Chaka chotsatira safunsanso n'komwe. Aliyense amene anayendetsapo chigayo amadziwa kuti chimene chimaimitsa bizinesi si mtengo wa chigayocho, koma dizilo, malamba ndi masefa. Ife tinkafuna kugula chigayo china pamene choyamba chinaima chifukwa cha lamba.

Masamu a dola

Ngakhale zinali choncho, UTM tinalibedi, ndipo ena m'komiti anaumirira kuti fiziyo igule makinawo. Tinaitanitsa makotesheni. Onse anabwera m'madola kapena m'marandi, pakuti zida zotere sizipangidwa kuno, ndipo onse anali ndi nthawi yochepa yogwira ntchito. Pa mtengo wa makina pamafunika kuwonjezera mayendedwe kudutsa pa doko la Beira, Nacala, Durban kapena Dar es Salaam, inshuwalansi, maziko a konkire poikapo makinawo, ndi katswiri wodzawalumikiza ndi kuphunzitsa matekinishani.

Tikadali mkati mokambirana, mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka cha 2022 mu May inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Pamsonkhano wotsatira ndinalemba masamu awa pa bolodi, ndipo manambala a makina ndi a ophunzira ndi ongoyerekeza kuti mfundo ioneke. Tinene kuti makina ndi a madola 30,000. Pa mtengo wakale ndi K35,400,000. Tinenenso kuti ophunzira 300 akupereka K40,000 aliyense pachaka, zomwe ndi K12,000,000. Zaka zitatu zikanakwana. Pa mtengo watsopano makina omwewo ndi K51,000,000, ndiye kuti zaka zinayi ndi miyezi itatu, ngati kwacha singagwenso ndipo aliyense akulipira. Usiku umodzi wokha unadya ndalama zoposa zimene ophunzira onse akanasonkha chaka chathunthu.

Ndipo kukhala ndi kwacha yokwanira sikutanthauza kuti mwapeza madola. Fomu yopempha ndalama zakunja ku banki imakaima pamzere umodzi ndi za mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Makina a koleji sangadumphe mzere umenewo, ndipo sindikuganiza kuti ayenera kutero.

Mfundo yanga kwa komiti inali yakuti kusonkha kwacha pang'onopang'ono kuti udzagule chinthu cha madola patapita zaka ndi njira yotayira ndalama za ophunzira. Kwacha imagwira ntchito bwino ikagwiritsidwa ntchito msanga, pa zinthu zopezeka ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena ku Malangalanga.

Zimene ophunzira ananena

Akuluakulu ankaopa kuitana ophunzira, ndipo manthawo anali ndi pochokera. Aliyense amakumbukira chaka cha 2016, pamene khonsolo ya University of Malawi inakweza fizi kufika pa K400,000, ophunzira n'kuchita zionetsero, makoleji n'kutsekedwa, Pulezidenti Peter Mutharika n'kuchotsapo K50,000, ndipo ku Polytechnic nkhaniyo inakafika kukhoti. Ena ankati tingoiphatikiza fiziyo mwakachetechete m'makalata oitanira ophunzira atsopano. Komiti inakana. Manong'onong'o anali atafika kale m'magulu a WhatsApp, ndipo nambala imene inkazungulira kumeneko inali yaikulu kuposa imene tinkaganizira.

Tinakumana ndi atsogoleri a bungwe la ophunzira pamodzi ndi oimira makalasi. Sanabwere kudzakuwa. Anabwera ndi mapepala, ndipo mfundo zawo zinali zakuthwa kuposa za ena a m'komiti.

Mtsikana wina wa chaka chomaliza ku zomangamanga anafunsa funso limene linatha nkhani ya UTM. Anati, "Bwana, inuyo mukuti makinawo abwera pakatha zaka zinayi. Ine ndikuchoka chaka chino. Ndiye ndikulipirira ndani?" Wina wa akuluakulu anayankha kuti nayenso akugwiritsa ntchito nyumba zimene ena anamanga. Yankholo lili ndi mutu, koma silikwana. Nyumbazo sizinamangidwe ndi msonkho wapadera wa ophunzira a nthambi imodzi. Ukatcha ndalama kuti ndi ya labotale, wolipirayo ali ndi ufulu woyembekeza kuti aione mu labotale iye asanachoke.

Mfundo yachiwiri inali ya ngongole. Ophunzira athu ambiri amadalira ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ena amalipiriridwa ndi mipingo, mabungwe kapena achibale ali ku Joni. Onsewa amayang'ana fizi yolembedwa pa kalata ya koleji. Ndalama imene yabwera pambali, pakati pa chaka, imachoka m'thumba la wophunzira, kutanthauza kuti pa ndalama ya chakudya ndi lendi ya hositelo. Mnyamata wina anati kwa iye fizi ya labotale ndi nkhomaliro ya milungu ingapo, ndipo palibe anaseka.

Anafunsanso kuti ndalamazo zikalowa mu akaunti yaikulu ya koleji, tidzazisiyanitsa bwanji ndi zina. Apa anatchula ndalama zina zapadera zimene amalipira kale, za masewero, za intaneti, n'kufunsa ngati alipo anaonapo lipoti lake. Panalibe.

Mfundo yomaliza ndi imene imandivutabe mumtima mpaka pano. Ngati uinjiniya ukhala wodula kuposa maphunziro ena pakoleji yomweyo, mwana wa mlimi wa ku Ntchisi amene anakhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE adzasankha zamalonda, osati chifukwa chozikonda koma chifukwa ndi zotchipa. Atsikana, omwe ndi ochepa kale m'makalasi athu, ndiwo amayamba kubwezedwa banja likamasankha woti limulipirire. Maiko ena anakumana ndi funso lomweli ndipo sanayankhe mofanana. Ku England fizi ili ndi malire amodzi kwa onse, ndipo boma ndilo limawonjezera ndalama ku maphunziro ofuna malabotale. Ku Australia kuyambira 1997 ndalama imene wophunzira amapereka imasiyana malinga ndi maphunziro ake, koma amaibweza kudzera mu msonkho akayamba kulandira malipiro okwanira. Ku America mayunivesite ambiri a boma amalipiritsa ophunzira uinjiniya ndalama yowonjezera poyera. Ife tilibe thumba la boma la England kapena ngongole yofikira aliyense ya Australia, choncho chimene tikanatha kuchita ndi kuchepetsa fiziyo mpaka pamene singabweze munthu pakhomo.

Zimene tinagwirizana

Kukula kwa fizi sitinakuyambire pamwamba. Mphunzitsi aliyense analemba mapulakitiko amene silabasi yake imafuna, tekinishani n'kulemba zimene pulakitiko iliyonse imadya pa gulu limodzi, tonse n'kuika mitengo ya m'mashopu. Pamenepo tinawonjezera calibration ya chaka ndi kagawo kokonzera zowonongeka. Nambala imene inatuluka inali yochepa kuposa ya m'ganizo loyamba, ndipo inasiyana pakati pa nthambi ndi zaka. Wa chaka choyamba, amene nthawi yambiri amakhala pa masamu ndi zojambula, amalipira zochepa kuposa wa chaka chachitatu. Pa mapulogalamu a kompyuta tinadula zambiri: komwe kungatheke tinasamukira ku GNU Octave, KiCad ndi LTspice, zomwe ndi zaulere, ndipo Autodesk imapereka mapulogalamu ake kwa ophunzira popanda kulipira.

Ndalamazo zili mu akaunti yakeyake. Kuti zituluke pamafunika siginecha ya msungichuma, ya mkulu wa maphunziro a uinjiniya ndi yanga. Woimira ophunzira sasaina, koma amalandira sitetimenti ya ku banki ndipo ali ndi mpando m'komiti. Semesita iliyonse timamata pa bolodi la zidziwitso mndandanda wa zimene zalowa, zimene tagula, kumene tagula ndi mtengo wake, ndipo chithunzi chake chimapita m'magulu a WhatsApp tsiku lomwelo. Tinalemba momveka zimene ndalamazi sizingachite: alawansi ya aliyense, mafuta a galimoto za ofesi, mipando, utoto, zakumwa za pamsonkhano, ndi makina akuluakulu.

Fiziyo inalembedwa pa kalata ya fizi ya chaka chotsatira ngati gawo la ndalama za maphunziro, osati ngati ndalama yapambali, kuti wolipirira wophunzira aione kuyambira pachiyambi. Amene anali kale pakati pa chaka sanakhudzidwe. Palibe wophunzira amene amabwezedwa pakhomo la labotale chifukwa sanalipire. Ngongoleyo imakhala pa akaunti yake monga fizi ina iliyonse. Pamfundo imeneyi ndinaumirira kwambiri, chifukwa sindinkafuna kuti tekinishani asanduke wotolera ngongole, komanso wophunzira wobwezedwa pa pulakitiko ya chitetezo cha magetsi ndiye amadzagwidwa ndi magetsi. Ophunzira amene ofesi yoona za umoyo wawo inawazindikira kuti ndi ovutikitsitsa salipira konse.

Za makina akuluakulu tinazisiya m'manja mwa khonsolo ya koleji, ndi malangizo akuti azifunidwa kumene ndalama zikuluzikulu zimapezeka. Malabotale ambiri a m'mayunivesite a boma sanamangidwe ndi fizi. MUST inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, African Development Bank inathandiza nyumba ndi zida kudzera mu pulojekiti ya sayansi ndi luso m'maphunziro apamwamba, ndipo mu 2021 World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE, yotukula maphunziro a luso. Olemba ntchito amaperekanso msonkho wa TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, kuti maphunziro a luso apite patsogolo. Ngati maboma ndi mabanki akuluakulu ndiwo amanyamula katundu ameneyu, n'kulakwa kumusenzetsa mwana wa sukulu.

Momwe zayendera

Chinthu choyamba kugula chinali ma stabiliser ndi zotetezera zida ku magetsi obwera mwamphamvu, kenako mphira ya makina ophwanya konkire, thermostat ya uvuni, maprobe ndi malamba. Semesita isanathe, zipinda zimene zinali zokhoma zinatsegulidwa. Mapulakitiko a dothi ndi konkire anabwerera. Kumagetsi magulu anachepa, moti m'malo moti khamu lizungulire benchi imodzi wina akulumikiza ena akuonerera, tsopano aliyense amagwira waya. Tinagulanso tizida ta Arduino, timakompyuta tating'ono toyendetsera zida, ndi masensa otchipa a mapulojekiti a chaka chomaliza. Ena ankaziona ngati zidole, koma ndinawakumbutsa kuti makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth mogwirizana ndi Rice University, anayambira pa timapampu ta m'matanki oweteramo nsomba.

Makina ophwanya konkire atayesedwa n'kupeza chikalata chatsopano, makontirakitala ang'onoang'ono a m'dera lathu anayamba kubweretsa tizidutswa tawo kuti tiwayezere pa mtengo. Ndalama imeneyi siilowa mu akaunti ya fizi. Ili payokha, ndipo ndiyo tikuyembekeza kuti idzathandize pa zida zokulirapo. Koma pamafunika diso. Kontirakitala amafuna zotsatira lero, ndipo tekinishani amene akudziwa kuti ntchitoyo ikubweretsa ndalama amatha kukankhira kalasi mawa. Tinaika lamulo lakuti nthawi ya pa taimitebulo ndi ya ophunzira, zakunja zizichitika madzulo ndi Loweruka.

Mavuto alipo, ndipo ena sitinawathetse. Fizi imalowa pang'onopang'ono, yochuluka imabwera mayeso akayandikira, pamene simenti ndi ndodo zowotcherera zimafunika sabata yachiwiri. Tinayenera kugwirizana kuti kagawo ka semesita ino kazisungidwira zogula zoyamba za semesita yamawa, zomwe zikuphwanya pang'ono mfundo yathu yakuti wolipira aone ndalama yake. Ophunzira anavomera chifukwa ndi miyezi, osati zaka. Mitengo nayo imakwera pakati pa chaka pamene fizi yaima, choncho chakumapeto timachepetsa chiwerengero cha tizidutswa ta konkire pa gulu lililonse.

Kumapeto kwa mwezi, malipiro akavuta, pempho lobwereka ku akauntiyi limabwera, nthawi zonse ndi lonjezo lobweza sabata yamawa. Chimene chatiteteza si siginecha yanga, pakuti ine ndine wantchito ndipo wopempha ndi bwana wanga. Chatiteteza ndi sitetimenti imene woimira ophunzira amalandira. Palibe amene amafuna kuti nkhaniyo ioneke pa WhatsApp.

Vuto lalikulu linabwera mwa njira imene sitinaitseke. Pa bajeti ya chaka chotsatira, ndalama imene koleji inkaika pa malabotale kuchokera ku thumba lalikulu inadulidwa, poti tsopano malabotale ali ndi ndalama zawo. Ndalamayo inali yochepa kale ndipo sinkatuluka yonse, koma kuidula kukutanthauza kuti gawo lina la fizi yatsopano langolowa m'malo mwa ndalama imene wophunzira anali atalipira kale kudzera mu fizi wamba. Komiti inalemba kalata yotsutsa, ndipo oimira ophunzira anaopseza kuti auza anzawo asiye kulipira. Gawo lina linabwezeretsedwa, osati lonse. Kwa amene akufuna kuyambitsa fizi yotere, mfundo imeneyi ilembedwe m'mgwirizano tsiku loyamba: ndalama ya koleji pa malabotale isatsike chifukwa cha fizi yapadera, ndipo nambala yake izimatidwa pa bolodi pamodzi ndi zinazo.

Palinso kuchepa kwa matekinishani. Zida zikamagwira ntchito, ntchito yawo imachuluka, ndipo fiziyi siingalipire munthu. Pano tekinishani mmodzi akuyendetsa labotale ya dothi ndi ya konkire, ndipo akadwala zonse ziwiri zimaima. Nkhaniyi ili ku khonsolo.

UTM sinagulidwe. Ophunzira a chaka chachitatu amapita pa basi ku labotale ina kukakoka zitsulo, ndipo fizi ya labotale imalipira zitsulozo ndi ndalama imene eni labotaleyo amatilipiritsa. Za basi tinakangana, chifukwa mgwirizano umaletsa kugula mafuta a galimoto. Ophunzira okha ndiwo anapempha kuti basi ya ulendo umenewu iloledwe, pokhapokha lisiti lake lizimatidwa pa bolodi. Pa kuunika kwa chaka chino komiti ikambirana ngati ulendowu uzichitika kawiri, kuti a zamakina azipita paokha, ndiponso ngati fizi ya chaka choyamba ichotsedwe kotheratu, popeza ndi pachaka chimenecho pamene ophunzira ambiri amasiyira sukulu panjira chifukwa cha ndalama.